Nkhumba Imagona ndi Njala

Esch, 13 Meyi 2012

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, mawondo anuwo akukulolani kuyenda. Kuno kudziko la eni tadzuka, ine ndi mpongozi wanu Odete, kupatula mvula yomwe yatikwana. Ndabwerera ku makalata chifukwa za foni zandilaka. Lamlungu lapitali ndinakuwa mpaka a nyumba yam'mwamba anagogoda pansi, inu mukungoti ndani, ndani. Makutu anatha, Amayi, vomerani. Koma maso akadalipo, ndiye muziwerenga.

Katoni yanu yafika Lachinayi pa galimoto ya a Custódio, dalaivala wotinyamulira katundu wa kumudzi uja. Soseji zanu za pa utsi, nthuli ya mwendo wa nkhumba, buledi wakuda uja, ndi botolo la mafuta a azitona lomwe linatayikira pang'ono pa nsalu. Nditangomasula chingwe, nyumba yonse inanunkhira khitchini yanu. Odete akuthokoza, koma akuti muchepetseko, ati mufiriji mulibe malo. Ine ndikuti musamumvere. Soseji ya m'sitolo za kuno ndi yodula, chonsecho ukaluma umangomva madzi ndi mchere.

Ndamva kuti mwana wa nkhumba amene mwagula kwa a Norberto ndi wa msana wautali. Ameneyo ndiye wabwino. Muzimupatsa mbatatesi zophika ndi masamba a kabichi, osati zogula za m'matumba zija zimene zimanunkhitsa mafuta. Mu Disembala ndidzabwera kudzamugwira ndekha monga mwa chaka chilichonse. Denga la khola likudontha chakumadzulo, ndinaona pa Isitala. A Norberto ali pafupi, apempheni asinthe matailosi osweka aja, koma inuyo musakwere makwerero, ndapota nanu.

Mwina a Custódio akuuzani kuti anandipeza pakhomo Lachinayi masana, nthawi ya ntchito. Musadabwe. Kuntchito kunachitika kakanthu, ndiye andiuza kuti ndipumeko kaye masabata angapo. Palibe amene wavulala. Sindikudwala, ndikudya bwino, mutandiona munganyadire. Tulo tokha ndi tomwe tikundiseweretsa, ndimadzuka m'mawa nditatopa ngati ndachezera kulima. Odete anasamukira pabalaza, ati mkonono wanga ukugwedeza mawindo, atinso nthawi zina ndimangoti zii osapuma mpaka andigwedeze. Mukumudziwa ndi mantha ake.

Mupereke moni kwa a Norberto ndi akazi awo.

Ndine mwana wanu,
Telmo


Esch, 24 Juni 2012

Amayi,

Moni. Tili bwino ndithu, kaya inu kumeneko. Kalata yanu yaukali ndalandira. A Custódio anaphonya ntchito, anayenera kukhala wailesi osati dalaivala. Popeza akuuzani theka, bola ndikuuzeni zonse ndekha.

Linali Lachiwiri cha m'ma 10 koloko m'mawa, tikukumba ngalande ya mapaipi. Ine ndinali pamwamba, m'makina anga okumba omwe ndawayendetsa zaka 19 osagunda ngakhale mpanda wa munthu. Mnzanga Amílcar anali pansi m'dzenje ndi fosholo. Ndikukumbukira kuti ndimayang'ana chipewa chake chachikasu. Kenaka ndinangomva anthu akukuwa, kapitawo akumenya galasi ndi chibakera. Ndinagona, Amayi. Ndinagona dzanja lili pa ndodo yowongolera, ndipo chidebe chachitsulo cha makinawo, cholemera ngati ng'ombe ziwiri, chinazungulira n'kuchotsa chipewa pamutu pa Amílcar. Chipewa chokha. Munthu wa ana atatu. Atatuluka m'dzenjemo sananditukwane, anangokhala pa mulu wa mchenga n'kuyamba kusanza. Bola akanandimenya.

Ananditumiza kwa dokotala wa kuntchito. Nditakwera pa sikelo yake, singano inagunda kumapeto, pa 150, ndipo namwino anachita manyazi m'malo mwanga. Anandipititsa pa ina yaikulu, yangati yoyezera matumba a simenti. Makilogalamu 163! Ine ndimadziuza kuti ndili pa 130, monga ndinalili chaka chimene tinakonza chitsime. Kenaka anandiyeza tulo ndi mawaya thupi lonse, n'kupeza kuti pa ola limodzi ndimasiya kupuma ka 58. Shuga alimo, magazi akuthamanga, mtima watupa. Dokotalayo sanazungulire. Anati ndikapitiriza chonchi zaka makumi asanu sindizifika, ndipo makina sindikweranso mpaka thupili litatsika. Nditatuluka m'menemo, galimoto yanga ndinaiyang'ana kwa theka la ola pamalo pomwe ndinaiimika ndekha.

Panopa andiika pa geti, ndimatsegulira magalimoto obweretsa mchenga. Anyamata amandipatsa moni bwinobwino, koma palibe amene amandiyang'ana kumaso.

Musati sindinayese. Kanayi konse Odete wandiika pa masamba ndi nsomba yowiritsa, ndimatsika khumi n'kukwera khumi ndi asanu. Dokotala akuti pamene ndafikapa masamba okha sangathandize, ndipo anatchula mawu amene simuwalola m'nyumba mwanu chimwalirireni Bambo. Anati opaleshoni. Ndinangotenga jekete langa n'kutuluka.

Mphesa mupopere mankhwala mwezi uno usanathe, musadikire kuti masamba ayambe mawanga. Ndipo musalire pamaso pa anthu, sindinafe.

Mwana wanu,
Telmo


Esch, 19 Ogasiti 2012

Amayi anga,

Tili bwino, kaya inu ndi kutentha kwa kumeneko. Ndamva kuti chikondwerero cha kutchalitchi chinayenda bwino, ndipo onse a m'mudzi mwathu ogwira ntchito ku France ndi kuno anabwera ndi magalimoto awo, anthu n'kumafunsa kuti Telmo wa a Ermelinda ali kuti chaka chino. Muziwauza kuti ntchito yachuluka. Zoona zake n'zakuti sabata iliyonse pali wina wondifuna kuchipatala, wa mtima, wa zakudya, mpaka wina wongofunsa za maganizo. Ameneyo anandifunsa ngati ndimadya ndikakhumudwa. Ndinamuuza kuti kwathu timadya tikakhumudwa, timadya tikasangalala, timadyanso podikira kuti tione kuti lero zitha bwanji. Sanaseke, anangolemba.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mwati ndisalole, madokotala anapha mwamuna wanu ndipo simuwapatsanso wachiwiri. Mukuganiza kuti ndinaiwala? Ndinali ndi zaka 13. Bambo anayenda okha kukakwera basi, jekete paphewa, kuti akawachotse timiyala ta mu ndulu, n'kundiuza kuti ndisaiwale kumwetsa bulu. Anabwerera m'bokosi. Mudzi wonse unati anawachulukitsira mankhwala ogonetsa. Kuchokera tsiku limenelo ine ngakhale dzino sindinazulitsepo, mukudziwa inu nomwe.

Wodzandidula ndi mayi wina, Dokotala Kremer, wochepa thupi moti ndingamunyamule ndi dzanja limodzi. Anatenga pepala n'kujambula chifu, kenaka analemba mzere kuchokera pamwamba mpaka pansi, n'kunena kuti mbali yaikuluyi tichotsa, patsala kakang'ono ngati nthochi. Magawo anayi mwa asanu, Amayi! Ine chifu ndimachidziwa kuposa iyeyo. Ndatsuka zifu za nkhumba kumtsinje kuyambira ndili mwana, ndakugwirirani pamene mukuthiramo nthiti, adyo, tsabola ndi vinyo musanasoke n'kupachika pa utsi. Ndinamufunsa kuti nanga chodulidwacho amapita nacho kuti. Anati chimatayidwa. Ndimati ndifunsenso kena, koma Odete anandiponda phazi.

Pobwerera tili m'galimoto, titafika pa maloboti a pafupi ndi siteshoni, Odete anati, "Ukuopa kufera mtulo pa tebulo lawo, chonsecho umafa ka 58 pa ola pabedi langa, ine ndikuonerera." Tinafika kunyumba, ndinadula buledi wanu ndi nthuli ya nyama, iye anakalowa kubafa n'kutsegula madzi kuti ndisamve kuti akulira.

Sindinasaine chilichonse, mtima ukhale pansi. Pepala lawo lili pamwamba pa firiji, ndikalidutsa ndimayang'ana kumbali.

Nkhuni za chisanu muitanitse pano zikadali zouma. Nkhumba akuti yakula bwino, a Custódio anaiona ndipo akuti idzafuna amuna asanu oigwira.

Wanu,
Telmo


Esch, 21 Okutobala 2012

Okondedwa Amayi,

Moni wochokera kuno. Odete ali bwino, inenso ndikuyenda. Pepani kuti ndakhala chete miyezi iwiri, ndimasowa poyambira.

Ndasaina. Khalani pansi, imwani madzi, kenaka mupitirize kuwerenga. Tsiku lake sindikuuzani, mudzamva zitatha, chifukwa ndikudziwa kuti mungakagone kutchalitchi pa simenti ndi mawondo amenewo.

Chimene chinandisainitsa si madokotala. Tsiku lina pa geti paja panadutsa Amílcar atakwera kumbuyo kwa lole, anandikwezera dzanja n'kundifunsa kuti ndibwerera liti, ati dalaivala watsopano amakumba ngati nkhuku. Munthu amene ndinatsala pang'ono kumudula mutu akufuna kuti ndibwerere pamwamba pake! Madzulo ake ndinatsitsa pepala lija pa firiji. Achipatala anandipititsanso ku msonkhano wa anthu amene anadulidwa kale. Bambo wina wa positi, a Romain, anabweretsa buluku lawo lakale, n'kulowa thupi lonse mu mwendo umodzi, anthu kuseka. Ine sindinaseke, ndimayang'ana pamimba pawo kuti ndione zipsera. Ndi timabowo tisanu basi, tating'ono ngati ta mabatani.

Masabata awiri omaliza andiuza kuti ndizingomwa zamadzimadzi za m'mapaketi, kuti chiwindi chiphwe, apeze njira yofikira pa chifu. Makatoni anu Odete akumawatsekera m'kachipinda kathu kosungira katundu pansi pa nyumba, kiyi ali pa mkanda wa makiyi ake. Musakwiye naye, ndi lamulo la chipatala.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe chandichititsa tsemwe, ndipo ndi inu nokha amene mungachimve. Anatipatsa pepala la malangizo. Likuti tsiku loti mawa opaleshoni ndisadye kanthu kuyambira madzulo, m'mawa ndisambe ndi sopo wawo wofiira, akandimeta pamimba, kenaka akandigoneka pa tebulo. Amayi, si zimene timachita ndi nkhumba zimenezi? Tsiku loti mawa tipha, nkhumba imagona ndi njala, madzi okha, kuti matumbo ayere. Imalira tsiku lonse, kugunda chitseko ndi mphuno, inu mumathawira kumunda kuti musamve, poti simunamanepo chamoyo chilichonse chakudya. M'mawa timaigoneka pa benchi, kenaka kumeta ndi kutsuka. Ine ndagwira mpeni umenewo kuyambira ndili ndi zaka 17. Ndimadziwa mmene diso lake limayang'anira ikazindikira chifukwa chimene sinadye. Ndinamuuza Odete, iye anati ndisiye zopusa, nkhumba saisainitsa mapepala.

Za Disembala, auzeni a Norberto kuti chaka chino aphe ndi iwowo. Mpeni wa Bambo uli m'dirowa ya pansi, wokulungidwa m'nsalu ya mafuta. Sindikudziwa ngati ndidzakhalepo. Mapepala a munda wa kumtsinje ali m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati, ndangoti mudziwe. Ndipo zivute zitani, Odete ndi mwana wanu, musadzamuimbe mlandu.

Mundipempherere.

Telmo


Esch, 11 Novembala 2012

Amayi,

Ndili moyo ndipo chifu changa chili chonse. Musayambe kuthokoza Mulungu, mverani kaye zimene mwana wanu wachita.

Tsiku lake linali Lachiwiri lapitali. Masabata awiri ndinapirira zamadzimadzi zija osalawa kanthu, ndinatsika makilogalamu asanu ndi awiri. Lolemba madzulo ndinasiya kudya monga ananenera. Koma m'mawa wa Lachiwiri nditasamba ndi sopo wofiira uja, ndinadziona pagalasi, mimba yonse ili psuu, ndipo m'makutu mwanga munangomveka nkhumba ikugunda chitseko. Odete ali kubafa, ndinatenga makiyi ake n'kutsikira pansi, ati ndikukatenga chikwama. Ndinatsegula katoni yanu. Ndinadya soseji zitatu ndi theka la buledi nditaimirira pakati pa matayala akale ndi njinga. Sikuti njala inali yaikulu. Ndinangofuna kuti ngati ndikupita kokafa, ndisapite ngati nkhumba. Ndinapukuta pakamwa, kutsuka mano kawiri, n'kunyamuka.

Kuchipatala anandiveka kansalu kotseguka kumbuyo, kundimeta, kundigoneka pa bedi la matayala. Panabwera dokotala wogonetsa anthu, bambo wa imvi, n'kundifunsa kuti ndadya liti komaliza. Ndinamuyang'ana m'maso n'kunena kuti dzulo. Analemba. Atayamba kukankha bedi, Odete anawerama kuti andipsompsone. Anaima pomwepo, mphuno ili pafupi ndi pakamwa panga. Zaka 21 akutsegula makatoni anu, utsi wa khitchini yanu ndi adyo wanu angalephere kuzizindikira iyeyo?

"Imani," anatero. "Munthuyu wadya."

Ndinakana. Ndinakana, Amayi, pamaso pa anthu anayi, ngati kamwana kogwidwa ndi shuga pamilomo. Dokotala wa imvi uja anakoka mpando n'kukhala pafupi nane, osakweza mawu. Anati munthu akagonetsedwa khosi lake limagonanso, ndiye ngati m'mimba muli chakudya chimabwerera n'kutsikira m'mapapo, munthu n'kutsamwa ali mtulo, madokotala akuona. Anati lamulo losadya si loyeretsera matumbo ayi, ndi loti ndidzuke. Anatinso ndikagule maluwa, mkazi wanga wandiwombola. Palibe anandiuzapo zimenezi, kapena anandiuza ine ndili kuganiza za nkhumba.

Dokotala Kremer anabwera atavala kale zobiriwira. Ndimayembekeza kuti andikalipira, koma anangoti anthu asanu ndi mmodzi adzuka m'mamawa chifukwa cha ine. Wandipatsa tsiku lina, 15 Januwale, ndipo akuti ndi lomaliza. Anati ngati ndikuopa ndinene kuti ndikuopa, tikambirana, koma ndisadzamunamizenso.

Tinatuluka ndi Odete mpaka pa galimoto. Pomwepo anatembenuka n'kunena kuti, "Ukanafa ndi bodza m'kamwa, ine n'kutsala ndikutukwana madokotala moyo wanga wonse, anthu osalakwa." Kuchokera apo akungondiyankha eya ndi ayi. Makiyi akugona nawo m'thumba la malaya.

Manyazi andigwira moti kuntchito ndanena kuti chipatala ndi chimene chinasintha tsiku. Inu ndakuuzani zoona chifukwa ndilibe wina womuuza. Chisanu chayamba, muzivala masokosi aubweya aja ndinakubweretserani, musawasungire alendo.

Mwana wanu wopusa,
Telmo


Esch, 9 Disembala 2012

Amayi,

Sindikudziwa ngati ndiyambe ndi moni. Tili moyo, basi.

Masabata anayi munakhala chete. A Custódio anabwera ulendo woyamba opanda kanthu, ati munawauza kuti palibe chotumiza, chinthu chomwe sichinachitikepo chibwerereni ine kuno. Ndinati mwakwiya chifukwa ndinasaina. Lachinayi lapitali anabwera ndi katoni, yomangidwa ndi chingwe chanu chomwe chija, mfundo zanu zomwe zija. Nditailandira manja anangokwera m'mwamba, inali yopepuka ngati mulibe kanthu. Ndipo munalibedi kanthu, nsalu yoyera ija yokha ndi kalata.

Ndaiwerenga mpaka pepala lafewa, komabe ndikufuna ndilembe zimene mwanenazo ndi dzanja langa, mwina ndikhulupirira. Mwati m'mawa wa opaleshoni ya Bambo munakwera basi yoyamba, n'kuwapeza atagona, milomo itauma, akudandaula kuti awamana chakudya kuyambira dzulo ngati nkhumba. Mwati mtima sunakuloleni. Munali mutabisa buledi, soseji ndi kabotolo ka msuzi pansi pa shawelo, munakoka katani n'kuwadyetsa ndi dzanja lanu. Mwati masana dokotala anatuluka, nkhope ili gwaa, n'kufunsa ngati alipo amene anawapatsa chakudya, inu munati ayi. Ndipo pamaliro anthu atayamba kunena kuti madokotala anachulukitsa mankhwala, munangowasiya anene.

Zaka 31, Amayi!

Ndinakhala pa masitepe katoni ili pamiyendo, osadziwa kuti ndili kuti, mpaka mayi wa nyumba yam'mwamba anandifunsa ngati aitane ambulansi. Ndakwiya, ndipo sindikubisirani. Munandiona ndikubuula ndi dzino masabata atatu, tsaya litatupa ngati mpira, ndikukana kupita kuchipatala, inu n'kumandiikira nsalu yotentha osanena kanthu. Mu Ogasiti momwemu munandilembera ndi dzanja lanu kuti madokotala anapha mwamuna wanu. Mukanangolemba mawu awiri okha, akuti usadye, sindikanatsikira m'kachipinda kaja. Ndinachita ndendende zimene anachita Bambo, ndi soseji za khitchini yomweyo, n'kunama bodza lomwelo. Pakanapanda mphuno ya Odete, bwenzi a Custódio atakubweretserani bokosi lina, inu n'kuuzanso mudzi kuti madokotala a kuno andipha. Akuluakulu anati mlandu suola, ndaona ndi maso anga.

Ndinamupatsa Odete kalatayo ndikuyesa kuti akwiya nane limodzi. Anawerenga ataimirira, n'kulira, koma amalirira inu. Anati mayi wako wasenza mwala umenewu yekha zaka 31, iwe wausenza masiku atatu ukufuula kale. Anatinso katoni yopanda kanthuyo iyenera kuti inakuvutani kumanga kuposa onse odzaza amene munatumizapo. Mwina akunena zoona, koma ine pano sindinafike pamenepo.

Pa Khirisimasi sitibwera. Za nkhumba chitani zimene mukufuna.

Telmo


Esch, 14 Januwale 2013

Okondedwa Amayi anga,

Muli bwanji? Funso limeneli ndikufunsa ndikudziwa kale yankho, chifukwa wailesi yathu ija yandiuza zonse. A Custódio akuti anakuonani pa Chaka Chatsopano ndipo sanakuzindikireni msanga. Akuti pa denga la khitchini yanu sipakutuluka utsi, mumangonyika buledi mu khofi kamodzi pa tsiku, ndipo a Norberto atabwera ndi amuna anayi kudzagwira nkhumba munawabweza pa geti. Akuti akazi a a Norberto akakubweretserani msuzi mumawauza kuti mudzadya mwana wanu akadzadzuka. Ndinamva zimenezi ndili pa geti la kuntchito, ndinalowa m'kanyumba ka alonda n'kutseka chitseko. Masabata asanu osakulemberani, ine mwana woipa.

Kalata yanga ija inali yaukali, ndipo zina ndinanenazo sindingazibweze chifukwa ndi zoona. Koma ndaganiza kwambiri. Inu munawadyetsa Bambo chifukwa munkawakonda ndipo panalibe anakufotokozerani chifukwa chake. Munali ndi zaka 36, ana awiri, bulu ndi munda, m'mudzi woti aliyense akanakulozani chala mpaka kumanda. Nanga ine, bambo wa ndevu, woti pepala anandipatsa m'manja, anandidyetsa ndani? Ndinatsika masitepe ndekha. Ndakukhululukirani, Amayi, ndipo ndikupempha kuti inunso mundikhululukire.

Sabata yatha ndinapita kwa Dokotala Kremer ndi dokotala wa imvi uja popanda kuitanidwa. Ndinawauza kuti ndabwera kudzanena kuti ndikuopa. Ndinawafotokozera za Bambo, za shawelo, mpaka za nkhumba. Sanaseke. Wa imviyo anati nawonso anakulira kumudzi, agogo awo ankapha nkhumba chimodzimodzi, kenaka ananditenga kukandionetsa chipinda chimene ndidzadzukiremo. Chili ndi windo loyang'ana ku njanji, ndipo ndinapempha bedi la pafupi nalo.

Mantha sanathe, ndisakunamizeni. Koma asintha. Zaka zonsezi ndimaopa chinthu chomwe sichinachitike n'komwe, munthu wa chovala choyera wopha bambo wabwinobwino. Chimene chinachitikadi ndi chinthu choti ndingachipewe ndekha pongotseka pakamwa. Masabata awiriwa ndamwa zamadzimadzi zokha, Odete anandibwezera makiyi sabata yoyamba ndipo ali pa msomali pomwe anawapachika. Lero ndamwa komaliza masana. M'mimba mukulira, ndikungomvetsera.

Zovala zogonera, mswachi ndi masilipasi ndalongedza mu katoni yanu ija. Odete akuti anthu amapita kuchipatala ndi chikwama, ine ndati chikwama changa ndi chimenechi. Ndamanga ndi chingwe chanu, koma mfundo zanu zandikanika.

Tsopano mverani za nkhumba. Auzeni a Norberto kuti asaikhudze. Dokotala akuti pakatha masabata asanu ndi limodzi ndikhoza kuyenda ulendo, ndiye kumapeto kwa Febuluwale ndikubwera, chisanu chidzakhala chisanathe, nyama siiwonongeka. Kunyamula sadzandilola, amuna asanu aja adzagwira, koma mpeni wa Bambo ndi wanga. Muutulutse m'dirowa muupake mafuta. Akuti pa nthawiyo ndizidzakhuta ndi masupuni atatu, ndiye mukonzekere mtima, musadzandiyang'ane ndi maso achisoni aja ndikadzakankha mbale. Mudzasankhe nokha masupuni atatu okoma kwambiri.

Kalatayi ndiisiya yosamata, Odete adzaitumiza mawa.

Ndine mwana wanu,
Telmo


15 Januwale

Amayi, ndine Odete. Mwana wanu analowa 8 koloko, wadzuka itangodutsa 11, pa bedi la pawindo lomwe anapempha. Ndaimbira kale a Norberto kuti athamange adzakukuwireni m'khutu, koma ndikudziwa kuti simukhulupirira mpaka muone zolembedwa. Atamufunsa kuti wadya liti anati dzulo masana, ndipo ndinawerama n'kumununkhiza ndekha, zinali zoona. Panopa angomunyowetsa milomo ndi kathonje ka madzi. Mawu sakutuluka bwino, koma wandigwira dzanja osalisiya mpaka nditalonjeza kuti ndilemba izi mmene wanenera: kolezani moto, Amayi, mudye.